Kabotolo Nambala 31

Andibweretsera mwana m'kabotolo.
Nkhope sindinaione, ndaona kapepala:
Asiyatu, miyezi khumi ndi inayi, wa ku Mwansambo,
kutsegula m'mimba, lero tsiku lachinayi.
Sisita Mbalame akuti anamubaya katatu
mtsempha ukuzemba singano,
mpaka anaupeza pamutu, atameta katsitsi.

Magazi osadzaza n'supuni yomwe,
akuda bii, olemera,
akutsetsereka pagalasi monyinyirika
ngati uchi m'mawa wa mu Juni.
Madzi ake anatsala m'matewera,
pamsana pa mayi, pampando wa kabaza,
m'njira yonse yobwera kuno ku boma.

Ndimawapatsa makina. Magetsi aphethira,
jenereta yatsokomola kuseri kwa khitchini.
Ndikudikira, ndikupha udzudzu pakhosi.

Kenako manambala, mmodzimmodzi.
Sodiyamu watsika.
Potaziyamu, amene amagwirira mtima ng'oma,
wagwa mpaka ndayang'ananso kachiwiri.
Shuga watsala wonyambita.
Magazi awawasa, ndipo ndikudziwa osamuona
kuti akupuma mozama, mothamanga,
ngati munthu wokwera chitunda mtolo uli pamutu.

Yuriya wakwera, kiriyatinini naye.
Izi ndi zinyalala zomwe impso zimasesa
tsiku ndi tsiku popanda woziyamika.
Lero zaika tsache pansi.
Tinthu tiwiri tonga nyemba
taumira dontho lililonse,
tikuti: kuno sikutuluka kanthu
mpaka wina atibwezere zathu.
Chiwindi chikung'ung'udza chapansipansi
koma chikadagwira.

Nambala imodzi yokha ikundinamiza.
Ikuti magazi ndi okwanira.
Ndakhala pampando uno zaka khumi ndi ziwiri,
bodza ili ndimalidziwa:
msuzi ukaphwera umaoneka wonona.
Diripi ikalowa tidzaona mmene zilili,
ndipo mwina mawa tidzafuna paini
yomwe mufiriji mulibe.

Foni ya kuwodi sikuyankhidwa.
Ndanyamula pepala ndekha.

Bedi lachisanu ndi chiwiri, ana awiri, amayi awiri.
Ndamudziwa ndi kachigamba kometa kaja.
Maso alowa, liwombo lafwapa,
pali phala lakuda lomwe wina anamatapo kumudzi.
Akulira, koma misozi palibe.
A Chikuse amutsina khungu pamimba,
khungu laima pomwepo, kuiwala kubwerera.
Awerenga pepala langa ali chiimire,
asintha thumba la diripi, awerenga madontho.

Mayi andigwira malaya.
Adokotala, magazi akuti chiyani?
Sindine dokotala, ndipo potaziyamu ndimumasulira bwanji
kwa munthu amene sanagone chiyambire Lolemba?
Akuti apongozi ati ndi mano,
ena ati mkaka wake wawonongeka.
Ndati mkaka wanu ulibe mlandu, muyamwitseni.
Akayamba kumeza mum'patse Thanzi pang'onopang'ono.
Ndipo muziyang'ana pansalu.
Akakodza mutiuze.

Ndabwerera kwa makina anga.
Malungo a wina, chifuwa cha wina,
mayi woyembekezera wa ku Benga.
Alonda akumvera wailesi pageti.

Chisanaitanidwe cha m'bandakucha ku mzikiti
kwagogodwa pazenera.
Ndi iye, wopanda nsapato,
wasochera makhonde atatu kundifuna,
watambasula chitenje m'manja awiri.
Pakati pake kabanga konyowa,
kukula kwake ngati chikhatho cha mwanayo.
Sanalankhule. Nanenso ayi.
Ndaona madigiri m'mafulemu, ndaona zikho za mpira,
sindinaone chinthu chikunyamulidwa chonchi.

Ndalemba m'buku: wakodza, folo koloko.
M'bukumo mulibe mzere wa zimenezi,
ndangolemba m'mphepete.

Ndisanatseke cholembera
sisita waika kena pathebulo, kakadali kofunda.
Nambala 32. Miyezi isanu ndi inayi.
Mudzi womwewo.
Ndafunsa kumene amatunga madzi.
Akuti mjigo unathyoka mvula isanayambe,
msonkhamsonkha wa sipeya ukadali m'kati,
kwatsala mabanja asanu ndi limodzi.